Midzi ya pa Likoma Iyitana Alendo ndi Eni Chuma, Koma Gombe Ndi Lochepa

Kuyambira m'chaka cha 1951, pamene sitima ya Ilala inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi, tsiku limene sitimayo ikocheza pa Likoma lakhala tsiku lalikulu kopambana masiku onse a sabata kwa anthu a pa chilumbacho. Pa tsikulo anthu a ku Chipyela, a ku Nkhwazi, a ku Makulawe ndi a m'midzi ina amatsikira ku Mbamba, ena kukachingamira abale, ena kukakweza matumba a usipa wouma, ndipo ena kungokaona amene wabwera. M'sitimamo mumatsika ufa, shuga, sopo, simenti ndi malata, ndipo pakati pa katunduyo pamatsikanso anthu a mitundu iwiri amene nkhani ino inena za iwo. Woyamba ndiye mlendo wodzaona dziko, amene agona masiku atatu kapena asanu nabwerera kwawo. Wachiwiri ndiye mwini chuma, amene poyenda m'mbali mwa nyanja maso ake sakhala pa madzi koma pa mchenga, nayamba kufunsa kuti mwini malo ano ndani.

Onse awiriwa Boma liwafuna. M'masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ntchito yokopa alendo yatchulidwa ngati imodzi mwa njira zobweretsera chuma m'dziko muno, ndipo palibe munthu wodziwa nyanja amene angatsutse kuti Likoma ndi amodzi mwa malo oyenera ntchitoyo. Koma pali funso limene liyenera kuyankhidwa msanga, eni chuma asanachuluke. Chinthu chimene mlendo achifuna ndi chimene mwini chuma afuna kulipira ndicho gombe, ndipo gombe lomwelo ndilo munda, msika ndi chitsime cha mudzi.

Chimene mlendo adzapeza

Likoma ndi chilumba chaching'ono cha masikweya kilomita pafupifupi 18. Chiri pa mtunda wa makilomita ngati 70 kuchokera ku Nkhata Bay, koma gombe la Mozambique liri pafupi ndithu, makilomita osakwana 10, kotero kuti munthu woima pa mwala kum'mawa kwa chilumbacho aona bwino mapiri a tsidyalo ndi utsi wa m'midzi ya ku Cobue. Madzi onse ozungulira Likoma ndi chilumba chinzake cha Chizumulu ndi a Mozambique. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1954 linaika malire pakati pa nyanja, koma zilumba ziwirizi zinatsalabe m'manja mwa Nyasaland, ndipo chifukwa chake chinali mishoni.

Amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la UMCA, anakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885. Anasankha chilumba pofuna malo otetezeka ku nkhondo ndi malonda a akapolo zimene zinasautsa midzi ya m'mbali mwa nyanja masiku amenewo, ndipo kuchokera pamenepo ankayendera midziyo pa sitima yawo ya nthunzi, Charles Janson. Pa Chipyela, malo amene dzina lake likumbutsa za moto umene unkatentha anthu oganiziridwa ufiti, anamangapo tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mwala wa maziko unaikidwa m'chaka cha 1903 ndi Bishopu Gerard Trower, mmisiri wolemba mapulani anali Frank George, ndipo nyumbayo inapatulidwa m'chaka cha 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Mlendo amene waona nyumba zikuluzikulu za ku Ulaya sadabwa ndi kukula kwake kokha ayi. Chimene chimdabwitsa ndicho kuipeza nyumba yotere pakati pa malambe ndi minda ya chinangwa, yomangidwa ndi manja a amuna ndi akazi a m'midzi yomweyo, amene anasenza miyala pamutu. 

Mishoniyo inabweretsa sukulu, chipatala ndi makina osindikiza mabuku. W. P. Johnson, amene anagwira ntchito m'mbali mwa nyanjayi kufikira imfa yake m'chaka cha 1928, anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma. Motero chilumba chopanda nthaka yabwino chinayamba kutumiza kunja mbewu ya mtundu wina: aphunzitsi, akalaliki, anamwino ndi ansembe, amene anafalikira ku Zomba, ku Blantyre, ku Tanganyika, ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Mpaka lero akuluakulu a kumeneko potchula bishopu amati askofu, liwu limene amishoni anabwera nalo kuchokera ku Zanzibar.

Kupatula tchalitchicho, mlendo apeza madzi oyera mbee, m'mene nsomba zazing'ono za mawangamawanga zotchedwa mbuna zioneka pakati pa miyala. Apeza malambe akuluakulu ndi mitengo ya mango. Apeza njira zoyenda pansi popanda mantha, pakuti magalimoto ndi owerengeka. Akafika pa nyengo yake aona malipenga, gule wa amuna ovala zoyera ngati asilikali, ndi chioda cha amayi. Zinthu izi sizinakonzedwe chifukwa cha alendo, ndipo n'chifukwa chake alendo azikonda.

Zodandaulitsa zakale

Kwa zaka zambiri mwini chuma aliyense wofunsidwa za Likoma anali ndi mayankho atatu okonzeratu: kulibe magetsi odalirika, kulibe doko, ndipo ulendo wake ndi wautali. Mayankhowa sanali abodza. Magetsi ankachokera ku injini za dizilo, dizilo wake wobwera pa sitima, ndipo injinizo zinkazimitsidwa pa maola ena a tsiku. Sitima ikachedwa, chilumba chinkagona mumdima. Ilala inkaima patali ndi gombe, anthu ndi katundu natsitsidwira m'maboti ang'onoang'ono, ndipo pomaliza munthu ankavula nsapato nayenda m'madzi. Nkhalamba, odwala ndi amayi apakati ankanyamulidwa kumsana. Thumba la simenti likanyowa pamenepo, mwini wake analibe wom'dandaulira.

Zina mwa izi zasintha. M'chaka cha 2020 kampani ya Boma yopanga magetsi ya EGENCO inatsegula makina a magetsi a mphamvu ya dzuwa pa Likoma ndi pa Chizumulu, okwana mamegawati 1.3 pamodzi, kuti zilumbazo zisadalire dizilo yekha. Boma linaikanso ndalama zambiri pa ntchito yomanga doko, imene anthu a kumeneko anaipempha kwa mibadwo. Bwalo la ndege zing'onozing'ono liripo, ndipo ulendo wochokera ku Lilongwe utenga pafupifupi ola limodzi. Foni za m'manja zigwira, ndipo ndalama zitumizidwa pa foni monga kwina kulikonse. Likoma, imene kale inkalamulidwa kuchokera ku Nkhata Bay, tsopano ndi boma paokha, lokhala ndi bwanamkubwa ndi khonsolo yake.

Izi ndi ntchito zoyamikika, ndipo zotsatira zake n'zodziwikiratu: malo amene dzulo analibe mtengo, mawa adzakhala nawo.

Gombe ndi la yani?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa pang'ono 14,000 pa zilumba ziwirizi. Chiwerengerochi chioneka chochepa, koma chikagawidwa pa malo amene alipo, pa sikweya kilomita imodzi pakhala anthu oposa 700, pamene dziko lonse la Malawi pa kalembera yemweyo linali ndi anthu 186. Ndipo gawo lalikulu la malowo ndi miyala ndi nthaka yamchenga imene ibala chinangwa chokha. Chimanga, nkhuni, makala ndi mitengo yomangira zambiri zichokera kutsidya, ku Mozambique kapena ku Nkhata Bay. Banja la pa Likoma ligula zinthu zimenezi ndi ndalama ya nsomba.

Tsono nsomba ifuna gombe. Msodzi wa usipa apita pa nyanja usiku ndi nyali ndi chilimira, nabwerako m'bandakucha. Afuna mchenga wokokerapo bwato, malo oyanikapo ukonde ndi kuusoka, ndi mathandala oyanikapo usipa dzuwa lisanakwere, pakuti usipa ukachedwa kuyanikidwa uwonongeka tsiku lomwelo. Pa gombe lomwelo amayi atunga madzi, achapa, atsuka mbale, naviika chinangwa cha kondowole. Ana asamba, ndipo ogula nsomba akhala pansi kudikira. Magombe a mchenga pa Likoma sali ponseponse: ndi timagawo tating'ono pakati pa miyala, ndipo mudzi uliwonse unakhazikika pamene unakhazikika chifukwa cha kagawo kake. Kagawo komweko, koyera ndi kotetezeka ku mafunde, ndiko kamene womanga nyumba ya alendo akafuna, ndipo mlendo wolipira ndalama zambiri safuna kudzutsidwa ndi phokoso la asodzi kapena fungo la usipa.

Amene akayika kuti nkhaniyi ndi yaikulu ayende pa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay. Kumeneko mahotela ndi nyumba zopumuliramo anthu a m'tauni zandandalika m'mbali mwa nyanja, mipanda yake yofika kumadzi, ndipo madandaulo a midzi yosowa njira yopitira kunyanja akhala akumveka kwa zaka zambiri. Koma munthu wa ku Mangochi akatsekeredwa pano angathe kusunthira patsogolo, kapena kulima kumtunda. Wa pa Likoma kumbuyo kwake kuli miyala, ndipo kuseri kwa miyalayo kuli gombe la mudzi wina.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu unena zoona za wodzaona dziko, koma sunena za pepala la lizi, limene likhala zaka makumi ambiri, woligwirizana atamwalira kale. Ndalama yoperekedwa kamodzi kwa banja limodzi itha m'chaka chimodzi, pa malata ndi fizi. Gombe lotayika silibwerera kwa zidzukulu.

Malamulo alipo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pansi pa nyakwawa yaikulu, imene ikhala wapampando, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Mfundo ya amayi atatuyi ndi yofunika koposa pa chilumba, popeza amene adziwa dooko lililonse ndi ntchito yake ndi amayi. M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo inakonzanso malamulo a malo, nikhwimitsa njira zimene munthu wosakhala nzika angapezere malo m'dziko muno. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe siliyenda lokha pa mchenga. Lifuna kuti a Mkumpha, mfumu yaikulu ya chilumbacho, nyakwawa zawo ndi khonsolo alidziwe ndi kuligwiritsa ntchito, ndiponso kuti pangano lililonse liwerengedwe poyera m'chinenero chimene mudzi umva. Anthu a pa Likoma anadziwa kuwerenga kale kwambiri, sikungakhale kowavuta.

Sikuti mwini chuma aliyense ndi mdani wa mudzi ayi. Chakum'mwera kwa chilumbacho, pafupi ndi mudzi wa Nkhwazi, kuli nyumba ya alendo yotchuka ya Kaya Mawa, dzina limene aliyense amene anadikirapo sitima pa Likoma alimvetsa bwino. Nyumbayo yadziwitsa Likoma kwa anthu a m'mayiko akutali, ndipo anthu a m'midzi yoyandikana apezako ntchito za ukhuki, zoyendetsa maboti ndi zosamala zipinda. Kufupi ndi kumeneko kuli malo a ntchito zamanja a Katundu, kumene amayi apanga nyali zokongola za magalasi akale ndi nsalu za mikanda, zimene zigulitsidwa mpaka kunja kwa dziko lino. Ichi ndi chitsanzo chabwino cha katundu woyenera chilumba: wopepuka, wosawola, wa mtengo wapamwamba, ndipo wosafuna gombe. Koma chilumba chotere chingalandire nyumba zingati za mtundu wa Kaya Mawa magombe asanathe? Chiwerengerocho n'chaching'ono, ndipo nkwabwino kuti eni chilumba achitchule okha tsopano.

Kumene mpamba usoweka

Chodabwitsa n'chakuti eni chuma ambiri akamva za chilumba aganiza za nyumba ya alendo yokha, chonsecho mipata ina iri poyera ndipo siilanda munthu malo.

Woyamba ndi wa nsomba. Msodzi wa pa Likoma ayanika kapena kuwamba nsomba zake chifukwa alibe njira ina yozisungira kufikira tsiku la sitima. Nyengo ya mvula usipa wambiri uwola pa thandala, ndipo kuwamba kufuna nkhuni zogula kutsidya. Pamene magetsi afika, makina opanga ayezi ndi chipinda chozizira, zimene zingamangidwe pa malo ochepa kumtunda, zingathe kufikitsa ncheni, kampango ndi batala zaziwisi ku misika ya Mzuzu ndi Lilongwe, kumene mtengo wake uposa wa zouma. Wochita zimenezi adzapindula, ndipo msodzi adzapindula naye. Chenjezo lake ndi lakuti mtengo ukakwera maukonde achuluka, ndipo a nthambi ya za nsomba ayenera kukhala maso pa maukonde a maso ang'onoang'ono.

Wachiwiri ndi wa ndiwo zamasamba. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti matimati, anyezi ndi kabichi ziwoloke nyanja kupita ku malo ozunguliridwa ndi madzi abwino. Pampu ya mphamvu ya dzuwa, thanki ndi manyowa zingasandutse kadimba kakang'ono kukhala kodyetsa nyumba za alendo, chipatala cha St Peter's ndi sukulu zogonera komweko.

Wachitatu, ndipo waukulu kopambana, ndi wa maulendo. Ilala inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, ndipo ngakhale yatumikira mokhulupirika, nthawi zonse pamene yaimikidwa kuti ikonzedwe, mitengo ya zinthu pa Likoma yakwera ndipo anthu akakamizika kukwera maboti amatabwa odzaza kopitirira muyeso. Doko lopanda sitima yokwanira ndi khonde lopanda nyumba. Boti lolimba, loyesedwa ndi a za pamadzi, loyenda masiku odziwika pakati pa Nkhata Bay, Chizumulu ndi Likoma, ndilo lingabweretse mlendo amene mpaka pano aiwalika: Mmalawi mwini wake. Mphunzitsi wa ku Mzuzu, gulu la amayi a mpingo, ana a sukulu ofuna kuona kumene mbiri ya m'mabuku awo inachitikira, Akhristu a Anglican ofuna kupemphera m'tchalitchi cha makolo awo, onsewa sangakwanitse ndege, koma sitima angakwanitse. Safuna chiphaso choyendera, ngakhale adutsa m'madzi a dziko lina. Safunanso gombe lotchingidwa. Afuna chipinda chaukhondo, nsima ya kondowole ndi nsomba, ndipo ndalama zawo zigwera m'manja mwa mayi wophika ndi mnyamata wowatsogolera. Nyumba zogona anthu otere zingamangidwe m'mudzi momwemo, pa malo a banja, mwini wake ali yemweyo.

Apa mpamene ana a pa Likoma okhala kunja ayenera kufunsidwa. Chilumba chimene chaphunzitsa anthu kwa zaka zoposa 130 chiri ndi ana ndi zidzukulu m'maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre, ku South Africa ndi ku Britain. Ambiri atumiza ndalama za maliro ndi za fizi, ndipo ena amanga nyumba zokhala zotseka chaka chonse kufikira Khirisimasi. Akadasonkhana anthu khumi kapena makumi awiri nagula boti limodzi kapena makina a ayezi, sipakadafunika womasulira pakati pa mwini mpamba ndi mudzi.

Zoyenera kuziwerengera

Kungakhale kunama kuuza munthu kuti kuika chuma pa Likoma ndi kosavuta. Chilichonse chomangira chiwoloka nyanja, ndipo mtengo wake ukwera pa doko lililonse pamene chitsitsidwa ndi kukwezedwanso. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, mafuta ndi zipangizo za injini zinakwera dziko lonse, koma pa chilumba zinakwera kawiri, pa sitolo ndi pa boti. M'chaka cha 2020 matenda a Covid-19 anatseka maulendo a pakati pa mayiko, ndipo nyumba za alendo zodalira anthu akunja okha zinakhala zopanda munthu miyezi yambiri.

Nyanja nayo iri ndi malamulo ake. M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi kufikira Ogasiti, mphepo ya mwera iutsa mafunde amene aletsa maboti ang'onoang'ono masiku angapo motsatizana. Okalamba akumbukirabe sitima ya Vipya, imene inamira mu Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja ndi anthu 145. Ndipo m'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera kufika pamene sanafikepo kwa zaka zambiri, namiza magombe ndi kulowa m'zipinda za mahotela ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay. Amene anamanga pa mchenga penipeni, pofuna kuti mlendo aponde madzi akangotuluka pakhomo, ndiwo analira kwambiri. Asodzi anangokokera mabwato awo kumtunda.

Phunziro la chaka chimenecho ligwirizana ndi chofuna cha mudzi. Nyumba yomangidwa chapatali, pa miyala, isiya mchenga kwa asodzi ndipo ipulumuka madzi akakwera. Chotero khonsolo ya Likoma ndi mafumu angachite bwino kuyendera gombe lonse mudzi ndi mudzi, pamodzi ndi makomiti a malo ndi oyeza malo a Boma, nalemba pa mapu madooko onse, malo a mathandala, manda ndi njira zotsikira kunyanja, kuti zimenezi zisalowe m'lizi ya munthu aliyense. Ndipo malo otsalawo alengezedwe poyera kwa ofuna kumanga, pamodzi ndi zaka za lizi, mtunda woyenera kusiyidwa kuchokera kumadzi, ndi gawo la msonkho lobwerera ku mudzi. Pa chilumba chimene munthu wamphamvu angachiyende kuchokera ku Makulawe kufika ku Nkhwazi m'mawa umodzi, ntchito yotere singathe miyezi yambiri, ndipo mwini chuma woona mtima adzakondwera kupeza mapu otere pa tebulo la bwanamkubwa tsiku limene atsika sitima.